Mutu 6: Mphindi Makumi Awiri za Keeley

1. Mlongoti wa a Merv

Loweruka lachitatu la mwezi wa Okutobala ndi tsiku limene masikauti a m'mayiko onse amalankhulana pa wailesi. Chaka chimenecho ku Biggenden, tawuni yaing'ono ya m'chigawo cha Queensland, tsikuli linacha ndi dzuwa loswa mtengo. Pofika naini koloko, malata a shedi ya pa bwalo la chionetsero cha ng'ombe anali atayamba kale kulira ndi kutentha.

A Merv Kuskopf anali atafika anthu asanadzuke. Anali mkulu wa zaka 74, wamtali, wa msana wowerama pang'ono. Unyamata wawo wonse unathera pa ntchito yokonza mawaya a njanji. Atapuma pa ntchito anatsala ndi chikondi chimodzi, wailesi yolankhulirana ndi anthu akutali, imene munthu saigwira yekha popanda chiphaso cha boma.

Chaka ndi chaka ankabwera nayo kwa masikauti popanda wowakakamiza. Ankaika tebulo pakati pa shedi, n'kuyala nsalu, n'kukhazikapo wailesiyo mosamala ngati dzira. Panja ankadzika mlongoti wachitsulo, pamwamba pake n'kumangapo eriyo yooneka ngati nthiti za nsomba yaikulu. Eriyoyo inkamva bwino mbali imene yaloza basi. Kuti iloze kwina, munthu ankayenera kutuluka n'kukakoka chingwe chimene chinkalendewera pamlongotipo.

Masikauti analipo khumi ndi anayi, m'magulu awiri, a Kangaru ndi a Ng'ona. Gulu limene lalankhula ndi dziko lakutali kwambiri linkalandira kambendera kofiira, n'kukasunga chaka chathunthu. Zaka zitatu zotsatizana kambenderako kanali m'manja mwa a Ng'ona.

Mtsogoleri wa a Kangaru anali Brodie Rackemann, mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu. Chinali chaka chake chomaliza m'gululo, ndipo anali atalumbira kuti sachoka chimanjamanja. Pa ndime yomaliza ya tsikulo, imene inali yofunika kuposa zonse, anasankha Keeley Stumer kuti agwire cholankhulira.

Palibe anadabwa. Keeley, wa zaka khumi ndi zitatu, anali wa pakamwa posatopa. Amayi ake, amene ankagwira ntchito m'sitolo ya buledi, ankati mwanayo anayamba kulankhula asanayambe kukwawa, ndipo mpaka lero anali asanapumire.

"Ndaloweza moni m'zilankhulo zisanu ndi chimodzi," anatero Keeley akumanga sikafu yake m'khosi. "Akangondiyankha a ku Ulaya, ndiwapatsa moni wakwawo mpaka akomoke."

"Ungowapatsa dzina ndi malo, iwe," Brodie anayankha. "Ukayamba kuwafotokozera za galu wako, nthawi itha tisanalembe kanthu."

"Galu wanga ali ndi nzeru kuposa iwe."

"Ndiye bwanji sunabwere naye, adzalankhule iyeyo? Mwina amadziwa polekezera."

2. Mawu a a Merv

Asanayatse wailesi, a Merv anaomba m'manja kawiri.

"Khalani pansi nonse. Iwe Keeley, tsekako pakamwa pang'ono, ntchentche za pano ndi za m'khola la ng'ombe."

Ana anaseka, nakhala pa mabelo a udzu wouma. A Deb, mayi amene ankayang'anira masikauti onsewo, anaima pakhomo atapinda manja.

"Chaka chilichonse ndimanena zomwezi," a Merv anayamba, "ndipo chaka chilichonse wina amaiwala. Chinthu ichi anthu amachitcha wailesi yolankhulira, koma amalakwitsa. Ndi wailesi yomvera. Pa mphindi khumi zilizonse zimene ndakhala pampando uwu, zisanu ndi zinayi ndakhala chete. Mlengalenga si mwa munthu mmodzi. Ndi msewu wa anthu onse, ndipo mulibe wapolisi. Chimene chimasunga mtendere mmenemo ndi ulemu basi.

"Usanalankhule, mvera. Ukamvera, funsa ngati pali wina pamalopo. Ukafunsa, mveranso. Wa mawu aakulu aliyense amamumva, ndipo ameneyo safuna thandizo lako. Ali ndi makina amphamvu, magetsi osathima ndi mlongoti wotalika ngati nsanja ya tchalitchi. Koma pansi pa iyeyo nthawi zina pamakhala wina wa mawu ang'onoang'ono, amene ali ndi batire ya galimoto ndi waya womangirira ku mtengo. Ameneyo ukamupondereza, sudzadziwa n'komwe kuti wapondereza munthu."

Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya.

"Ndinene zanga, musaganize kuti ndine woyera. Chaka china cha chigumula, ndili ndi zaka makumi awiri, ndinali kuthamangitsa dziko lina la ku Afrika limene ndinali ndisanalankhule nalo. Ndinamva kakuphokosera pansi, ngati udzudzu. Ndinati ndi mphepo chabe, n'kupitiriza kufuula. Dzikolo ndinalipeza, ndinalilemba m'buku, ndinagona wosangalala. Patapita masiku ndinamva kuti udzudzu uja anali mlimi wa kumunsi kwa mtsinje. Anali pa denga la nyumba ndi mkazi wake ndi ana awiri, madzi akukwera. Anapulumuka, inde. Munthu wina anawamva patapita maola awiri. Koma sanapulumuke chifukwa cha ine. Zaka zoposa makumi asanu zapita, ndipo tsamba limenelo la m'buku langa sindiliyang'ana.

"Kambendera ndi nsalu, ana inu. Kupikisana n'kwabwino, pikisanani. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwamva?"

"Tamva, a Merv!"

Wailesi inayaka, ndipo shedi yonse inadzaza ndi mkokomo wonga wa mvula yakutali.

3. A Ng'ona atsogola

Gulu lililonse linkakhala pa wailesi mphindi makumi awiri, kenako n'kupatsa linzake. A Merv ankakhala pambali pa wolankhulayo nthawi zonse, poti lamulo silinkalola mwana wopanda chiphaso kutsala yekha.

M'mawa analankhula ndi masikauti a ku Tasmania, amene ankadandaula kuti kwawo kukuzizira. Kenako anapeza a ku New Zealand, ndipo kamnyamata kena kakumeneko kanafunsa ngati n'zoona kuti ana a ku Queensland amapita kusukulu atakwera ng'ona. Masana a Kangaru anapeza dziko la Japan. Brodie anayeza ndi chingwe pa mapu aakulu amene anali pakhoma, n'kulemba pa bolodi: makilomita 7,000.

Chimwemwecho sichinakhalitse. Anthu atangotha kudya masoseji okulunga m'buledi, Tegan, mtsogoleri wa a Ng'ona, anakhala pampando n'kulankhula ndi mayi wina wa ku Canada. Pa bolodi panalembedwa makilomita 11,800.

"Kambenderako tikachape, kapena mukuti kakhale mmene kalili, poti sikachoka kwathu?" Tegan anafunsa akumwetulira.

"Chapani, musitenso," anatero Keeley. "Sitifuna kulandira zinthu zauve."

A Merv anali atanena kale kuti njira ya ku Ulaya imatseguka dzuwa likapendeka. Ndime yomaliza inali ya a Kangaru, kuyambira mphindi makumi awiri isanakwane faifi koloko. Nthawi itayandikira, Brodie anatuluka n'kukakoka chingwe mpaka eriyo inaloza kumene a Merv anamuuza.

Keeley anakhala pampando, navala zomvera za m'makutu.

4. Udzudzu

A Merv anazungulitsa kagudumu ka wailesi pang'onopang'ono. Phokoso linkabwera n'kupita. Mwadzidzidzi mawu a mwamuna anabuka, omveka bwino ngati ali m'shedi momwemo.

"Kuno ndi kwa masikauti a ku Finland. Tikuitana aliyense wa kutali. Finland ikumvera."

Ana a Kangaru analumpha. Brodie anathamangira ku mapu ndi chingwe chake.

"Kupitirira 14,000! Keeley, yankha! Yankha msanga asanatilande ena!"

Keeley anatenga cholankhulira. Chala chake chinali kale pa batani. Moni wa ku Finland anali kale pa nsonga ya lilime. Koma anachita monga anaphunzitsidwira: anayamba wamvera.

Wa ku Finland atasiya kulankhula, panali kamphindi ka phokoso lokhalokha. M'kati mwa phokosolo, pansi penipeni, munali kanthu. Kanamveka n'kuzilala, kanamvekanso n'kuzilala.

Keeley anakanikiza zomvera zija m'makutu ndi manja onse awiri.

"Ukudikira chiyani?" Brodie anafunsa.

"Khala chete kaye."

"Iwe ndi amene ukuuza munthu kuti akhale chete? Iweyo?"

Keeley anatembenukira kwa a Merv. "Pali wina pansipa. Ngati mtsikana. Ndamva akuti Queensland."

A Merv anasendera, natchera khutu ku wailesi nthawi ndithu. Kenako anapukusa mutu.

"Makutu angawa anatha ndi sitima, mwanawe. Ine ndikumva Finland yokha. Ngati pali wina, wamumva ndiwe, ndipo mpando uli ndi iwe. Sindikuuza chochita."

"Mwamva? Palibe kanthu!" anatero Brodie. "Ndi mphepo. Keeley, tatsala ndi mphindi khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Zaka zitatu, iwe! Uyambe wayankha Finland, zinazo pambuyo."

"Pa Finland pali mzere," a Merv anatero modekha. "Ndikumva anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi akumuitana. Kuti atimve, zitenga mphindi khumi, mwina kuposa. Ndingokuuzani zoona zake kuti musankhe mukudziwa."

Wa ku Finland anaitananso. Atasiya, kamawu kaja kanabwera kachitatu. Ulendo uno Keeley anatola mawu atatu: "Vanuatu", "batire", ndi "chonde".

Anachotsa chala pa batani.

"Akuchokera ku Vanuatu. Eriyo yathu yawafulatira. Brodie, kaitembenuze."

"Tikaitembenuza, Finland yapita."

"Ndikudziwa."

"Vanuatu ndi pakhomo pomwepa, sipakwana ndi 2,000 yomwe! Ukufuna tiluze chifukwa cha anthu amene mwina akungofuna kutipatsa moni?"

"Munthu wopereka moni sanena kuti chonde," Keeley anayankha. Anayamba kuvula zomvera zija. "Ukakana, ndikakoka ndekha."

Brodie anamuyang'ana, nayang'ana bolodi, nayang'ananso a Merv. Mnyamatayo anaponya chingwe choyezera pansi.

"Khala pomwepo, mutu wouma iwe. Ukachoka pampando umutaya."

Anatuluka akung'ung'udza. Chingwe cha mlongoti chinali chitakola pa chitsulo, ndipo anakoka kawiri osatheka. Tegan wa a Ng'ona anadzuka n'kukamugwirira mlongotiwo. Eriyo inatembenuka pang'onopang'ono kuloza kumpoto chakum'mawa, kunyanja.

Mawu a ku Finland anachepa, anachepa, mpaka anamira m'phokoso.

5. Leiwia

Pamalo pake panatuluka mawu a mtsikana, opyapyala koma omveka.

"...aliyense wa ku Queensland. Kuno ndi kwa masikauti a ku Vanuatu. Batire yathu ikutha. Chonde, aliyense wa ku Queensland."

A Merv anadzuka pang'ono pampando. Tsopano nawonso anali atamva. Anatenga cholankhulira, natchula dzina la wailesi yawo monga mwa lamulo, n'kuchibwezera kwa Keeley.

"Vanuatu, takumvani. Kuno ndi ku Biggenden, ku Queensland. Dzina langa ndine Keeley. Lankhulani."

Kunamveka kukuwa kwa ana ambiri, ndi mawu a mwamuna akuwatontholetsa.

"Keeley, ine ndine Leiwia. Ndili ndi aphunzitsi a Willie, ndi eni wailesi. Takhala tikuitana kuyambira m'mawa. Uli ndi cholembera?"

Keeley anakodola ndi dzanja. Brodie, amene anali atangolowa thukuta lili kamukamu, anatola pensulo n'kugwada pambali pa tebulo.

Leiwia ankalankhula Chingerezi cha kusukulu, pang'onopang'ono, ngati munthu amene wabwereza mawuwo kambirimbiri. Anali pa kachilumba kakang'ono. Nsanja ya foni yakumeneko inawombedwa ndi mphenzi masabata atatu apitawo. Lachiwiri amayi ake, amene anali oyembekezera, anadwala kwambiri, ndipo anawatengera ku chipatala cha ku Vila, likulu la dziko lawo, pa boti. Powakweza m'botimo foni yawo inagwera m'nyanja, ndipo nambala ya bambo ake inali m'foni momwemo. Palibe wina anali nayo.

"Bambo anga ali kwanuko, amathyola malalanje. Sakudziwa kanthu. Dzina lawo ndi Kalsale Toara. Ndibwereze?"

Keeley anali ndi mafunso zana. Anafuna kudziwa kuti Leiwia ali ndi zaka zingati, akugona ndi ndani, akudya chiyani. Anawameza onse.

"Bwereza dzinalo, chilembo chimodzichimodzi. Kenako unene tawuni."

Leiwia anatchula zilembo, Brodie akulemba. Keeley anaziwerenga mobweza, ndipo Leiwia anakonza chimodzi.

"Tawuniyo ndi Gayn..." Mawu anazilala.

"Sindinamve. Nenanso tawuni."

"Gayndah. Gayndah. Wamva?"

"Ndi apa pomwe!" mwana wina anafuula kumbuyo. "Sipakwana ola pa galimoto!" A Deb anamugwira pakamwa.

"Ndamva, Gayndah," anatero Keeley. "Tiwauze chiyani?"

"Auzeni kuti amayi ali ku Vila, azakhali a Marie ali nawo. Ayimbe ku chipatala. Auzeni kuti ine ndili ndi ang'ono anga atatu, tili bwino, asade nkhawa ndi ife." Kenako anawonjezera. "Wamng'onoyo amalira usiku. Koma zimenezo musawauze."

Brodie anasiya kulemba, nayang'ana Keeley. Keeley anapukusa mutu, ndipo mawu omalizawo sanalembedwe.

Kenako analowa aphunzitsi a Willie, mawu awo akudukaduka. Anati batire yatsala pang'ono kufa. Anali ndi kachipangizo kamodzi kotchajira ndi dzuwa, ndipo akakaika padzuwa m'mawa wonse, mawa akhoza kuyatsa wailesi mphindi khumi. Anapangana kuti akumane pamalo omwewo a pa wailesi, thwelofu koloko ya ku Queensland.

Leiwia anabweranso. "Keeley, muwapeza?"

Apa pakamwa pa Keeley panathamanga kuposa mutu.

"Tiwapeza. Mawa thwelofu koloko bambo ako adzakhala pampando uno, udzawamva wekha. Ndikulonjeza."

A Merv anatseka maso.

"Zikomo, Keeley. Zikomo kwambiri. Mulungu aku..."

Mawu anaduka pomwepo. Keeley anaitana kawiri, koma kunangotsala mkokomo uja. Wotchi ya pakhoma inali itapitirira faifi koloko ndi mphindi ziwiri.

6. Kambendera

A Deb anakopera dzina lija papepala n'kutuluka ndi foni yawo. Anati akudziwa mayi wina wa ku tchalitchi cha ku Gayndah amene amaphikira antchito ochokera kuzilumba Lamulungu lililonse.

Otsalawo anaima pamzere. A Merv anatenga kambendera kofiira n'kukapereka kwa Tegan. A Ng'ona anaomba m'manja, koma mwamanyazi.

"A Merv, kapena chaka chino tigawane?" Tegan anafunsa.

"Ayi. Mwapambana mwachilungamo, tengani. Mukawagawira, ndiye kuti mwawalanda chimene achita. Iwowa anadziwa kuti akutaya kanthu, ndipo anataya."

Brodie anapita kukafufuta bolodi. Keeley anamutsatira.

"Wakwiya?"

"Eya, ndakwiya."

"Pepa."

"Usapepese, ungandikwiyitse kawiri." Anafufuta 7,000 uja mwamphamvu. "Ine sindinamve kanthu, ukudziwa? Ndikanakhala pampandopo ine, bwenzi pano tikuvina ndi kambendera, mwana uja akuitanabe." Anaponya chofufutira m'bokosi. "Koma moni wako wa ku Finland uja undipatse ine tsiku lina, ndione ngati ndikomoke."

A Merv anaitana Keeley kuti abwere ku tebulo. Anatsegula buku lawo lalikulu, mmene ankalembamo aliyense amene alankhula naye, n'kumupatsa cholembera.

"M'buku ili simunalembepo dzanja la munthu wina chiyambire. Lemba nthawi, dziko ndi dzina."

Keeley analemba mosamala, lilime lili panja. Atatha, mkuluyo anaumitsa inki ndi mpweya wa pakamwa, natseka bukulo.

"Lero wachita chimene ine ndinalephera ndili ndi zaka makumi awiri," anatero. "Ndaphunzitsa ana ambiri kulankhula pa wailesi, koma omvera ndingawawerenge ndi zala za dzanja limodzi. Ndakunyadira, ndipo ndikauza amayi ako, ngakhale sakakhulupirira kuti unakhala chete."

Keeley anayamba kumwetulira.

"Usaseke, sindinathe. Wachita chachikulu chimodzi, n'kulakwitsa chimodzi. Pa wailesi sitilonjeza chimene tilibe m'manja. Timati ndamva, ndalemba, ndiyesetsa. Basi. Munthu amene ali kutali, wopanda njira ina, mawu ako amawatenga ngati chingwe, n'kutsamirapo thupi lonse. Mwana uja usiku uno auza ang'ono ake kuti mawa amva bambo awo. Auza mudzi wonse. Mawa thwelofu koloko adzadzaza m'kalasi mwa aphunzitsi a Willie, ena pa mawindo. Tsono chingwecho chikaduka, amene agwe si iwe. Iwe udzapita kwanu kukadya. Akale anati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Wolonjeza uja anali pa chisangalalo, pakamwa panatsogola, nzeru zinabwera mochedwa."

"Koma a Merv, Gayndah ndi pafupi. Tingopita kukawatenga."

"Mwina. Ndikufunitsitsa zitero. Koma bamboyo wamuona? Ukudziwa munda umene ali? Ukudziwa ngati mawa akugwira ntchito? Unalonjeza ndi miyendo ya munthu wina."

Keeley anaweramitsa mutu. "Ndiye nditani?"

"Mawu akatuluka sabwerera. Chatsala n'kuwathamangira."

7. Misewu iwiri

A Deb analowa foni ili m'manja. Nkhope yawo inali yosamwetulira, ndipo ana amene ankapinda matebulo anaima.

"Akumudziwa," anatero. "Akuti ndi wamtali, amaimba gitala ku tchalitchi. Koma ku Gayndah kulibe. Malalanje anatha, ndipo gulu lawo linasamuka Lachinayi pa mabasi awiri. Ina inapita ku minda ya mbatata ya ku Bundaberg, ina ku minda ya mphesa ya ku Emerald. Mayiyo sakudziwa kuti Kalsale anakwera iti, ndipo nambala yake alibe. Ku ofesi ya amene anawalemba ntchito foni ikungoitana. Atsegula Lolemba."

"Lolemba?" Keeley anatero. Mawu ake anatuluka aang'ono.

Brodie anapita ku mapu. "Bundaberg ndi ola limodzi ndi theka. Bambo anga angatiperekeze m'mawa. Koma Emerald..." Chala chake chinayenda, chinayenda, kulowera kumtunda. "Maola asanu ndi awiri, mwina kuposa. Kupita n'kubwera sitingakwanitse."

"Safunika kubwera kuno," Tegan anatero. "Angofunika wailesi ngati iyi. A Merv, ku Emerald kulibe mnzanu wa chiphaso?"

A Merv anayamba kukulunga waya pa chigongono, pang'onopang'ono, ngati sanamve.

"Alipo mmodzi amene eriyo yake ingafike kuzilumba," anatero potsiriza. "Dzina lake ndi Col Hinrichsen. Foni alibe, amati ndi chidole cha anthu aulesi. Amakhala pa wailesi tsiku lililonse sikisi koloko madzulo, pamalo amodzimodzi, ndipo akudziwa mlimi aliyense wa mphesa m'dera lonselo."

"Ndiye basi!" anatero Keeley. "Yatsani, sikisi yatsala pang'ono!"

"Col ndi mlamu wanga," a Merv anatero. "Tinalankhulana komaliza pa maliro a mkazi wanga, zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, ndipo zimene tinauzana tsiku limenelo si za ana."

A Deb anayang'ana pansi.

Mkuluyo anaika waya uja patebulo. Anayang'ana wotchi, nakokera mpando kwa Keeley.

"Brodie, katembenuzire eriyo kumtunda. Ine nditchula dzina la wailesi monga mwa lamulo, ndipo Col akangolimva dzanja lake lipita pozimitsira. Ukhala ndi mpweya umodzi wokha, Keeley, kuti umuletse. Khala pansi, uganize bwino mawu ako oyamba."